Njira ya ku Udokotala wa Mano Imayambira mu Folomu 3

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima, kuyambira ku Chipoka, kudzera kwa Maganga ndi ku Senga Bay mpaka kwa Makanjira, munthu amene dzino lamugwira usiku amadziwa kuti kukacha ali ndi ulendo. Mankhwala opha ululu a m'golosale amangoziziritsa kwa maola owerengeka, kenaka ululu uja umabweranso. Tsono amayenera kufuna njinga kapena galimoto yomufikitsa ku chipatala cha boma pa Salima. Vuto likakhala lalikulu, monga nsagwada yothyoka kapena chotupa cha m'kamwa, amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100.

Pa kalembera wa m'chaka cha 2018 boma la Salima lidapezeka ndi anthu oposa 470,000, ndipo dziko lonse la Malawi lidali ndi anthu 17.5 miliyoni. Pa nthawi imeneyo madokotala a mano m'dziko lonse adali osakwana 50, ambiri a iwo akugwira ntchito m'mizinda. Chifukwa chimodzi cha kuchepa kwawoko chidali chakuti kuno kwathu kudalibe sukulu yophunzitsa udokotala wa mano. Amene ankafuna ntchitoyi ankayenera kupita ku Tanzania kapena ku maiko ena akutali, ndipo mwayi wotero udali wa anthu ochepa kwambiri.

Zinthu zidasintha m'mwezi wa Ogasiti 2019 pamene sukulu ya College of Medicine ku Blantyre idayamba kuphunzitsa digiri ya Bachelor of Dental Surgery. Ntchitoyi idatheka kaamba ka mgwirizano wotchedwa MalDent, wa pakati pa sukuluyi ndi University of Glasgow, ndi thandizo la ndalama lochokera ku Boma la Scotland. Ena mwa amene adautsogolera ndi Dr Mwapatsa Mipando, amene panthawiyo adali mkulu wa College of Medicine, ndi Professor Jeremy Bagg wa ku Glasgow. M'chaka cha 2021 College of Medicine idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences. Mu Epulo 2022 Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yosamalira umoyo wa m'kamwa, ndipo m'chaka cha 2025 gulu loyamba la madokotala a mano ophunzitsidwa m'dziko muno lidalandira madigiri awo.

Motero mwana wa msodzi wa ku Senga Bay kapena wa mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu angathe tsopano kukhala dokotala wa mano osaoloka malire. Komatu ambiri amadzitsekera okha khomo limeneli akadali ndi zaka 15 kapena 16, osadziwa kuti atero. Amalitseka tsiku limene akulowa Folomu 3, pamene akusankha maphunziro oti adzalembe pa mayeso a MSCE.

Maphunziro asanu osayenera kusiyidwa

Wofuna kudzapempha malo a udokotala wa mano ayenera kukhala ndi maphunziro asanu awa pa satifiketi yake: Chingerezi, Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics. Makolo amene adapita ku sekondale kale akumbukira phunziro la Physical Science. Phunziro limenelo adaligawa pawiri, ndipo lero Physics ndi Chemistry ndi maphunziro awiri osiyana, lililonse ndi mayeso ake. Apa ndi pamene ana ambiri amapunthwa, pakuti amatenga limodzi n'kusiya linzake poganiza kuti sayansi ndi imodzimodzi.

Bungwe la MANEB limapereka magiredi a MSCE kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza kopambana, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi a wophunzira amawapeza powonkhetsa magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri. Kawerengedwe kameneka ndi kamene kamanyenga ana. Mnyamata amaona kuti Chemistry imamuvuta, ndipo amaganiza kuti akaisiya n'kutenga phunziro lina lopepuka adzatsitsa mapointi ake. Zimatheka ndithu kuti atuluke ndi mapointi 12 kapena 13, mudzi wonse n'kululutira. Koma pofika nthawi yopempha malo amapeza kuti dzina lake silingaganiziridwe n'komwe, chifukwa phunziro limodzi lofunika mulibe. Mnzake wa mapointi ochulukirapo pang'ono, amene adapirira ndi sayansi zonse zitatu, ndi amene amaloledwa kupikisana nawo.

Kusankha ophunzira opita ku sukulu za ukachenjede za Boma kumadzera ku bungwe la National Council for Higher Education. Chaka chilichonse limatulutsa chidziwitso chonena magiredi ofunika pa maphunziro aliwonse ndiponso zaka za masatifiketi amene akulandiridwa. Mphunzitsi wamkulu ayenera kupeza chidziwitso chimenechi ndi kuwawerengera ana a Folomu 2 asanasankhe maphunziro, osadikira kuti afike Folomu 4. Ndipo popeza malo ndi ochepa pamene ofuna ndi ambiri, kirediti ya 5 kapena 6 m'maphunziro a sayansi siyokwanira kudalira. Wofunitsitsa ayenera kulimbikira kuti apeze 1, 2 kapena 3.

Chifukwa chake Biology

Anthu ena amaganiza kuti ntchito ya dokotala wa mano ndi kuzula basi, monga momwe agogo amakutulira dzino logwedera la mdzukulu ndi ulusi. Koma dzino ndi chiwalo chamoyo. Lili ndi mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomvera ululu, ndipo mizu yake idazikika m'fupa la nsagwada. Mwana amamera mano 20 a ubwana, kuyambira ali ndi miyezi pafupifupi 6. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo oyamba a mano okhalitsawa amatuluka kumbuyo kwa mano a ubwana mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, nthawi zambiri makolo osazindikira kuti amenewo sadzaphukanso akawonongeka.

M'kamwa ndi momwe matenda ambiri a thupi lonse amayambira kuonekera. Zoyera za pa lilime ndi zigamba zofiirira za m'nkhama zingasonyeze kuti chitetezo cha m'thupi chatsika. Usinini wotuluka magazi ndi mano ogwedera nthawi zina zimayenda pamodzi ndi matenda a shuga. Mafinya a dzino la m'munsi akanyalanyazidwa angathe kutsikira kukhosi n'kutseka njira ya mpweya, munthu n'kufa ndi chinthu chimene chidayamba ngati kabowo kakang'ono. Ku madera otentha a malungo ambiri, monga m'mphepete mwa nyanja, kulinso khansa ya ana imene kawirikawiri imayamba ndi kutupa kwa nsagwada ndi kugwedera kwa mano. Dokotala Denis Burkitt ndi amene adayifotokoza m'chaka cha 1958 akugwira ntchito ku Uganda, ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Mwana wotero akafika kwa munthu wongodziwa kuzula, dzino lidzachoka koma nthenda idzatsala. Akafika kwa wodziwa thupi lonse, adzatumizidwa msanga kumene angathandizidwe. Chifukwa chake wophunzira udokotala wa mano amayamba ndi maphunziro a kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupi lonse, ndipo maziko a zimenezi ndi Biology ya ku sekondale.

Chifukwa chake Chemistry

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzino lingathe kuoneka loyera kunja pamene m'kati lafumbwa, ndipo chimene chimalifumbwitsa chimamveka bwino kwa yekhayo amene adaphunzira Chemistry. Chikamba choyera cha kunja kwa dzino ndicho chinthu cholimba koposa zonse m'thupi la munthu, ndipo chidapangidwa makamaka ndi calcium ndi phosphate. M'kamwa mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga wotsalira m'mano n'kutulutsa asidi. Mphamvu ya asidi amaiyesa ndi muyeso wotchedwa pH. Madzi abwino ali pa 7, ndipo nambalayi ikamatsika ndiye kuti asidi akukula. Ikatsika kupitirira 5.5, chikamba cha dzino chimayamba kusungunuka.

Malovu amachotsa asidi uja ndi kubwezeretsa zimene zasungunuka, koma amafuna theka la ola kapena kuposerapo kuti amalize ntchito yake. Apa ndi pamene pali phunziro lofunika kwa banja lililonse. Mwana amene wadya masiwiti asanu nthawi imodzi wavulaza mano ake kamodzi, koma amene akuyamwa siwiti imodzi ola lililonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo sapatsa malovu mpata wokonza chilichonse. Chimodzimodzinso ndi tiyi wa shuga wambiri ndi zakumwa za m'mabotolo.

Chemistry imafotokozanso za fluoride, mchere umene amaika m'mankhwala otsukira mano chifukwa umalimbitsa chikamba cha dzino. Mchere womwewu umapezeka mwachilengedwe m'madzi a pansi pa nthaka, ndipo ukachuluka umadetsa mano a ana amene akukula, n'kuwasiya ndi mawanga oyera kapena ofiirira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 a fluoride pa lita imodzi. Madzi a m'mijigo ina m'dziko muno, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, adapezeka kuti amapitirira muyeso umenewu, ndipo akasupe a madzi otentha nawonso amakhala ndi mchere umenewu wambiri. Dokotala akaona ana ambiri a mudzi umodzi ali ndi mano ofiirira, sawadzudzula kuti satsuka m'kamwa. Amafunsa kumene amatunga madzi.

Chifukwa chake Physics ndi Masamu

Asodzi akafuna kusuntha bwato lolemera pa mchenga amalowetsa mtengo pansi pake n'kukanikiza mbali inayo. Chitsulo chimene dokotala amagwedezera dzino asanalizule chimagwira ntchito mwa lamulo lomwelo, ndipo wosalidziwa amathyola muzu kapena fupa. Zithunzi za X-ray, zimene Wilhelm Röntgen adatulukira m'chaka cha 1895, zimaonetsa muzu wobisika m'nsagwada, koma cheza chake chimavulaza chikachuluka, choncho wochigwiritsa ntchito ayenera kudziwa chimene wagwira. Zomatira mano nazo zimafutukuka zikatenthedwa ndi kufota zikazizira. Dzino lomatidwa limakumana ndi phala lotentha m'mawa ndi madzi ozizira masana, ndipo chomatiracho chikamafutukuka mosiyana kwambiri ndi dzino, pamatseguka mpata wolowera tizilombo.

Palinso nkhani ya ukhondo wa zipangizo. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja ya mchere, ndipo ku Salima, kumene kuli kokwera mamita pafupifupi 500, amawira pa madigiri pafupifupi 98. Kutentha kotere sikupha tizilombo tonse. Chifukwa chake zipatala zimagwiritsa ntchito mphika wotseka zolimba umene umapanikiza nthunzi mpaka kufika madigiri 121 kwa mphindi 15, kapena madigiri 134 kwa mphindi 3. Mgwirizano wa kutentha ndi kupanikizika kwa mpweya ndi phunziro la Physics la ku sekondale, ndipo pa chipatala limateteza odwala kuti asapatsirane matenda kudzera m'zitsulo.

Masamu amafunika pa jakisoni aliyense. Mankhwala ochititsa dzanzi otchedwa lidocaine amabwera kawirikawiri ndi mphamvu ya 2 pa 100, kutanthauza mamiligalamu 20 pa mililita imodzi. Mlingo umene munthu angalandire popanda ngozi umatsata kulemera kwa thupi lake, motero mwana wa makilogalamu 20 sayenera kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mlingo wa bambo wa makilogalamu 60. Kuwerengera kumeneku n'kwa tizigawo ndi mapelesenti, zomwe ana amayamba kuphunzira ku pulaimale, koma pa chipatala kulakwitsa kwake kungatayitse moyo.

Chingerezi ndicho chilankhulo chophunzirira ku sukulu ya ukachenjede, ndipo mabuku ndi mayeso onse ali m'chilankhulo chimenechi. Wopanda kirediti ya Chingerezi sasankhidwa, ngakhale sayansi atakhoza bwanji. Komabe Chichewa chisanyozedwe, ngakhalenso Chiyao chimene chimalankhulidwa m'midzi yambiri ya kunyanja, pakuti wodwala amafotokoza bwino ululu wake m'chilankhulo chimene adayamwira.

Zopinga za kunyanja

Ana a m'mphepete mwa nyanja ali ndi mayesero amene anzawo a kumtunda sawadziwa. Usipa ukagwa, mnyamata wokoka nawo chilimira amabwera m'mawa ndi ndalama m'thumba, ndipo sukulu imaoneka ngati yochedwetsa. Amene wagona pa nyanja usiku wonse sangamve Chemistry m'mawa mwake. Atsikana nawo amatanganidwa ndi kuyanika nsomba pa thandala, ndipo ena amakwatiwa asanamalize Folomu 2. Pamwamba pa zimenezi pali mawu ofooketsa akuti sayansi ndi ya anyamata, mawu amene sagwirizana ndi zimene zikuoneka m'zipatala, momwe muli madokotala achizimayi ochuluka ndithu.

Chopinga china ndi cha zipangizo. Mayeso a MSCE a Biology, Chemistry ndi Physics ali ndi gawo la kuchita ndi manja, pamene wophunzira amayeza, kusakaniza ndi kulemba zimene waona. Sukulu zambiri zoyendera za m'madera zilibe chipinda choyeserera sayansi kapena aphunzitsi okwanira, ndipo zina siziphunzitsa sayansi zonse zitatu. Makolo ayenera kufunsa mphunzitsi wamkulu mwana akangoyamba Folomu 1 ngati Physics ndi Chemistry zimaphunzitsidwa mpaka Folomu 4 ndiponso ngati ana amalemba mayeso ake. Safunsa adadya phula. Yankho likakhala lakuti ayi, pali nthawi yokwanira yopempha malo pa sukulu ina, kapena yoti komiti ya makolo ndi aphunzitsi ikambirane ndi sukulu yoyandikana nayo imene ili ndi zipangizo kuti ana azikayeserera kumeneko. Mwana amene adamaliza kale Folomu 4 wopanda phunziro lina angathe kulembetsa pa sukulu ya masana n'kudzalemba mayeso ngati wapadera, koma njira imeneyi imadya chaka ndi ndalama zimene zikadapulumuka.

Ana a kunyanja alinso ndi mwayi wawo. Udokotala wa mano ndi ntchito ya zala, yochitikira pa malo opapatiza, mbali ina akuonera pa kagalasi kakang'ono. Mwana amene adazolowera kusoka ukonde, kuluka mkeka kapena kusema ziboliboli ali kale ndi maso akuthwa ndi dzanja lodekha. Luso limeneli silingalowe m'malo mwa giredi ya Physics, koma lidzamuthandiza tsiku limene adzayambe kugwira zitsulo.

Kutalika kwa ulendo ndi njira ina

Wosankhidwa ndi satifiketi ya MSCE amayamba ndi chaka chimodzi cha maziko, momwe amabwereza ndi kuzamitsa sayansi ndi Masamu. Chaka chimenechi chimamuvuta kwambiri amene adangoloweza mayankho osamvetsa. Akachikhoza amalowa zaka 5 za digiri, ndipo akamaliza amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu asanavomerezedwe kotheratu ndi bungwe la Medical Council of Malawi. Kuwerengera kuyambira tsiku lolowa Folomu 3, ndi zaka 8 za pa sukulu. Banja losauka lisataye mtima ndi kutalika kumeneku, pakuti kuyambira m'chaka cha 2015 pali bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limene limakongoza ophunzira osowa.

Amene sadapeze malo a digiri asaganize kuti njira yathera pomwepo. Sukulu ya Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe imaphunzitsa dipuloma ya zaka 3 ya Dental Therapy. Omaliza maphunziro amenewa amazula ndi kumata mano, kutsuka m'kamwa ndi kuphunzitsa anthu kasamalidwe ka mano, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo akhala akusenza ntchito ya mano m'zipatala za m'maboma. Koma nakonso amafuna Chingerezi, Masamu ndi sayansi. Maphunziro asanu omwewa ndi amene amatsegulanso njira ya ku udokotala wa matenda onse, ku ntchito ya zamankhwala ndi ku ntchito yopima magazi. Mwana amene wawasunga onse angathe kusintha maganizo ali mu Folomu 4 osataya kanthu, pamene amene wasiya limodzi wadzichepetsera njira zambiri nthawi imodzi.

Pa chilumba cha Mbenje, Mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi nyengo ya dzinja chaka chilichonse, ndipo asodzi amavomera kusiya ndalama za miyezi ingapo chifukwa amadziwa zimene adzakolole chilumba chikatsegulidwa. Makolo a kumeneko safunika kuphunzitsidwa za kudikira. Chimene chikufunika ndi chakuti m'nyengo imene ana a Folomu 2 akumaliza mayeso awo, bambo, mayi kapena malume akhale pansi ndi mwanayo, afunse maphunziro amene akufuna kutenga, ndipo aonetsetse kuti pa mndandandawo pali Chingerezi, Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics. M'mera mpoyamba, ndipo kucheza kwa madzulo amodzi kumeneku n'kumene kungapatse Salima dokotala wa mano wobadwira konko.